Lilime Likamatsogolera Mphuno: Mawu a Kuseri kwa Botolo la Vinyo

Aliyense amene anagwirapo botolo la vinyo wocokera ku Portugal kapena ku South Africa akukadziwa kapepala kamene amamata kuseri kwake. Kutsogolo kumakhala dzina, caka ndi mphamvu ya mowawo. Kuseri ndiko kuli nkhani. Amalembako kuti m'vinyomo muli fungo la amora, la framboesa, la cereja, la baunilha, nthawi zina mpaka la cikopa, la fodya ndi la dothi lonyowa. Masiku ano mabotolo ndi makatoni amenewa afika m'masitolo a ku Ulónguè ndi m'mabaraka a pamalire, ndipo paukwati wa mwana wa aphunzitsi kapena wa anamwino sasowa patebulo la akuluakulu. Wina wodziwa Cipwitikizi amawerenga kapepalako mokweza, anthu n'kununkhiza, n'kumwa, n'kuyang'anana. Ambiri samva amora aliyense. Ena amavomera ndi mutu poopa manyazi, ena amangoti limeneli ndi bodza la azungu.

Nchito yanga ndi ya mawu. Pa wailesi ya m'dera lathu ndimakhalira kumasulira nkhani za m'Cipwitikizi kuti agogo a kumudzi azimve, ndipo nchito imeneyi imaphunzitsa munthu kufunsa mawu alionse kuti anena zoona zingati, nanga asiya zingati. Ndi funso limeneli ndawerenga timapepala ta vinyo tambiri, ndipo ndapeza kuti wovomera mwamanyazi uja ndi wokana uja onse alakwiridwa. Kapepalako sikanama kwenikweni. Vuto lake n'lakuti kamalankhula ngati fungo lili m'botolo lokhalokha, lodikira mphuno iliyonse kuti ilitole monga timatolera masuku pansi pa mtengo. Kamaiwala lilime. Komatu zimene lilime likumva, kaya ndi kutsekemera, kuwawasa kapena kuwawa, zimasintha fungo limene munthu akumva. Ndipo lilime lililonse linakulira kwawo.

Kumene kalembedwe kameneka kanacokera

Kale anthu olawa vinyo ankalankhula mawu okuluwika. Ankati vinyo uyu ndi waulemu, uyo ndi wamwano, wina ndi wacikazi, wina ndi wacimuna. Mawu otere sathandiza wogula ngakhale wophika, cifukwa aliyense amawamva mwa iye yekha. M'caka ca 1984 mayi wina wasayansi, Ann Noble, wa pa yunivesite ya California mumzinda wa Davis, pamodzi ndi anzake anakonza cithunzi cozungulira ngati gudumu, cimene cimachedwa gudumu la fungo la vinyo. Pakati pa gudumulo pali magulu akuluakulu, monga fungo la zipatso, la maluwa, la zokometsera ndiwo, la mitengo ndi la dothi. Ukamapita kunja gulu lililonse limagawika: zipatso zimakhala za mtundu wa ndimu, za m'maiko otentha, zouma, mpaka kufika pa dzina la cipatso cimodzi.

Ndiyenera kuliyamikira gudumuli ndisanalidzudzule, pakuti linacita cinthu canzeru. Linacotsa mawu onyada n'kuikapo mayina a zinthu zimene munthu angathe kuzigwira ndi kuzinunkhiza. Noble ndi anzake anafotokozanso mmene wophunzira angadziphunzitsire: kutenga vinyo wamba, kuponyamo kacidutswa ka tsabola wobiriwira wosawawa uja kapena ka cipatso cina, n'kununkhiza mpaka mphuno izolowere. Kuwonjezera apo, mayina ambiri a pagudumupo ali ndi maziko enieni. Fungo la tsabola wobiriwira limene limamveka mu vinyo wa mphesa za Cabernet Sauvignon limacokera ku mankhwala acilengedwe ochedwa methoxypyrazine, amene alinso mu tsabolayo. Fungo la nthoci mu vinyo wosakhalitsa ndi isoamyl acetate, amene ali mu nthoci yakupsa. Fungo la baunilha limalowa mu vinyo kucokera ku matabwa a migolo ya mtengo wa carvalho imene amasungiramo. Conco wolemba kapepala uja akati mukumveka nthoci, sikuti anathiramo nthoci, komanso sikuti akulota.

Kumene ndikusiyana nalo gudumuli ndi apa. Linapangidwira fungo lokha. Kutsekemera, kuwawasa ndi kuwawa mulibe. Patapita zaka, mu 2000, Richard Gawel ndi anzake ku Australia anakonza gudumu lina la mmene vinyo wofiira amamvekera m'kamwa, kukhakhala kwake ndi kulemera kwake. Conco ophunzira anapatsidwa magudumu awiri, lina la mphuno, lina la m'kamwa, ngati kuti ziwalo ziwirizi zimagwira nchito iliyonse m'munda mwake. M'kalasi kugawa kotere n'kothandiza. Koma anthu olemba timapepala ta mabotolo anatenga kugawako ngati ndi mmene thupi limacitira, ndipo thupi silicita conco.

Njira ziwiri za mphuno

Lilime limadziwa zinthu zocepa. Limamva kutsekemera, mcere, kuwawasa, kuwawa, ndi kukoma kwacisanu kumene Kikunae Ikeda wa ku Japan anakucha umami mu 1908, kumene ife timakudziwa mu msuzi wa nsomba zouma, wa bowa ndi wa tomato wakupsa. Zina zonse zimene timati kukoma kwa mango, kwa nyama yowocha kapena kwa thobwa ndi nchito ya mphuno. Linda Buck ndi Richard Axel, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2004, anatulukira banja la timisampha togwira fungo tokhala m'kati mwa mphuno, ndipo munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya timisampha timeneti.

Fungo limafika pa timisamphato kudzera njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kutsogolo, pamene tikununkhiza cikho tisanamwe. Yaciwiri ndi ya kumbuyo: cakumwa cikakhala m'kamwa cimafunda, cimasakanikirana ndi malovu, ndipo tikameza n'kupuma, mpweya umanyamula fungo kucoka kummero kukwera m'mphuno. Fungo lodzera njira yaciwiriyi ubongo sulimva ngati lacokera m'mphuno. Umaliika m'kamwa, n'kuliphatikiza ndi zimene lilime lanena, n'kutipatsa cinthu cimodzi. Aliyense angayese kunyumba. Tsinani mphuno, tafunani kacidutswa ka gwafa, mudzamva kutsekemera ndi kuwawasa pang'ono basi. Tayani mphuno, gwafa adzafika nthawi yomweyo. N'cifukwa cake munthu wa cimfine amati ndiwo sizikukoma, ndipo ambiri amene anadwala Covid-19 ankadandaula zomwezo.

Zimenezi ambiri amazidziwa, ndipo amathera pomwepo, kunena kuti mphuno ndiyo mfumu, lilime ndi nyakwawa cabe. Koma akatswiri atafufuza anapeza kuti nyakwawayo nayonso imalamula.

Umboni wa cingamu ndi shuga

Ana onse amadziwa kuti cingamu cimatha kukoma ukacitafuna kanthawi. Timati fungo la timbewu tonunkhira tija latha. Mu 1999 akatswiri a pa yunivesite ya Nottingham ku England anayeza nkhani imeneyi ndi makina. Anthu akutafuna, iwo ankayeza fungo lotuluka m'mphuno mwawo, kwinaku akuyeza shuga wa m'malovu. Anapeza kuti fungo linalipobe lambiri m'mpweya wa m'mphuno, koma shuga ndiye anali kutha. Anthuwo ankati fungo likuzilala pa nthawi yomwe shuga ankacepa. Makina akuti fungo lilipo, munthu akuti latha, cifukwa lilime lasiya kumva kutsekemera.

Mu 2000 Pamela Dalton ndi anzake a ku Monell Chemical Senses Center mumzinda wa Philadelphia anayesa mwa njira ina. Anapatsa anthu fungo la benzaldehyde, lofanana ndi la cereja ndi amêndoa, locepa kwambiri moti mphuno payokha sinkalizindikira. Kenaka anawauza kuti avumate madzi okhala ndi saccharin, cotsekemeretsa, naconso cocepa moti lilime silinkacimva. Ziwirizi zitakumana anthuwo anayamba kulizindikira fungolo. Atavumata madzi okha, kapena madzi a umami, sizinacitike. Pambuyo pake, mu 2012, Barry Green ndi anzake ku New Haven anaonetsa kuti shuga amakweza fungo la baunilha ndi la zipatso lodzera njira ya kumbuyo ija, pamene mcere sunacite zimenezo.

Tsopano tibwere nazo ku vinyo. Vinyo amapangidwa pamene yisiti yadya shuga wa m'madzi a mphesa n'kumusandutsa mowa ndi mpweya. Wophika akhoza kuisiya yisiti kuti idye pafupifupi shuga yense, kapena kuiimitsa panjira. Malamulo a ku Ulaya amati vinyo wolembedwa seco asapitirire magalamu 4 a shuga pa lita, kapena 9 ngati ali wowawasa kwambiri, pamene wolembedwa doce amakhala ndi magalamu 45 kapena kuposa, amene ndi masupuni a tiyi oposa 10 pa lita imodzi. Pakati pake pali meio seco ndi meio doce. Tengani mabotolo awiri a mphesa za mtundu umodzi, lina seco, lina doce. Wakumwa adzati la doce lija likununkhira zipatso kwambiri, ngakhale zinthu zopereka fungo zitakhala zofanana m'mabotolo onsewo. Shuga wakweza mawu a cipatso monga ine ndimakwezera mawu a mlendo wamanyazi pa makina a mu situdiyo.

Vinyo wofiira ali ndi cinanso. M'makoko ndi m'njere za mphesa muli tanino, amene amagwira zinthu zoterera za m'malovu n'kusiya m'kamwa mouma ndi mokhakhala, monga mmene mumamvera mukaluma nthoci yosapsa kapena kumwa tiyi wokhathamira wopanda mkaka. Munthu wosazolowera akamva kukhakhala kumeneku maganizo ake onse amathamangira komweko, ndipo fungo la cipatso limene kapepala kanalonjeza limabisika kuseri kwake. Iye sananame ponena kuti sakumva amora. Cimene wadya asanamwe naconso cimalowerera. Paukwati anthu amayamba ndi keke ndi Fanta, kenaka n'kulandira tambula ya vinyo wa seco. Lilime limene langocoka pa shuga wambiri limamva vinyoyo ngati mankhwala a malungo. Munthu yemweyo akanamwa vinyo yemweyo atadya nyama yowocha yothira mcere, kuwawako kukanacepa, cifukwa mcere umaphimba kuwawa. Kapepala ka kuseri kamalonjeza fungo limodzi kwa onse awiri.

Lilime linakulira kwawo

Funso lotsatira ndi lakuti, n'cifukwa ciani shuga amakweza fungo lina n'kusiya lina? Mu 1988 Robert Frank ndi Jennifer Byram ku Cincinnati anapeza kuti fungo la morango limacititsa cakudya ca shuga kumveka cotsekemera kuposa mmene cilili, koma fungo la ciponde ca mtedza silinacite zimenezo. M'zaka za m'ma 1990 Richard Stevenson ndi anzake ku Australia anaonetsa gwero lake. Anatenga mafungo amene anthu oyesedwawo sankawadziwa bwino, lina n'kumalipereka ndi madzi a shuga, lina ndi madzi owawasa. Patapita masiku, anthuwo pongonunkhiza ankati loyamba lija likumveka lotsekemera, laciwiri lowawasa. Ubongo unakwatitsa fungo ndi kukoma cifukwa coziona zikuyenda limodzi.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a kumalire. Maukwati amenewa aliyense amamangitsa kucokera ali mwana, ndi zakudya za kwawo. Mwana wa ku Douro amakula akuthyola amora m'mbali mwa msewu, ndipo fungo lake linamangidwa pamodzi ndi kutsekemera kwake ndi kuwawasa kwake m'mutu mwake. Akakula n'kumwa vinyo wofiira, lilime likamva kuwawasa kotere, ubongo umatulutsa dzina la amora msanga. Mwana wa kuno anakulira masuku, matowo, mapicesi a ku Angónia, bwemba, ndi masau ndi malambe obwera kucokera kucigwa ca Tete. Lilime lake likamva kuwawasa kosakanikirana ndi kutsekemera pang'ono, ubongo wake umapita ku masau ouma kapena ku madzi a bwemba. Akanena zimenezo patebulo anthu amaseka, poganiza kuti walankhula zacimidzi. Komatu wacita ndendende zimene mwana wa ku Douro uja anacita: wafanizira cacilendo ndi cimene akucidziwa. Gudumu la Noble linalembedwa ndi zipatso za m'misika ya ku California ndi ku Ulaya. Ndi labwino kwa eni ake. Kwa ife lili ngati mapu a mzinda wa Porto m'manja mwa munthu wofuna njira ya ku Domwe.

Ngakhale pakati pa azungu okhaokha mphuno sizifanana. Mu 2008 akatswiri a Australian Wine Research Institute ku Adelaide anapeza rotundone, cinthu cimene cimapatsa vinyo wa Shiraz fungo la tsabola wakuda wa timbewu uja. Anapezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5 alionse salimva fungo limeneli ngakhale litaculuka. Conco pa anthu 10 okhala patebulo limodzi, awiri akhoza kuwerenga za pimenta pakapepala, n'kufunafuna mpaka botolo kutha osaipeza, popanda colakwa ciliconse pa iwo.

Maso nawonso amaponyapo mawu. Mu 2001 Gil Morrot, Frédéric Brochet ndi Denis Dubourdieu anapatsa ophunzira 54 a za vinyo ku Bordeaux vinyo woyera wothiridwa utoto wofiira wopanda fungo. Ophunzirawo anafotokoza fungo lake ndi mawu amene amagwiritsa nchito pa vinyo wofiira. Nkhani imeneyi anthu amakonda kuikamba ngati umboni wakuti akatswiri a vinyo ndi akathyali. Ine sindiiona conco. Ikuonetsa kuti ubongo wa munthu aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, sudikira mphuno yokha. Umafunsa maso, umafunsa lilime, umafunsa zimene unakumana nazo kale, kenaka n'kugamula. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ciwalo cimodzi sicisenza kukoma.

Manyazi amenewa ali ndi mbiri

Mawu akuti vinyo tinawatenga ku Cipwitikizi, vinho, monganso kacasu anacokera ku cachaça. Koma vinyo amene makolo athu a m'dziko muno anayamba kumudziwa sanali wa timapepala ta amora. Wolemba mbiri José Capela anasindikiza buku mu 1973 lochedwa O Vinho para o Preto, lofotokoza za malonda a vinyo wocokera ku Portugal kupita ku maiko a mu Africa amene ankalamulidwa ndi Apwitikizi. Dzina la bukulo ndi mawu amene amalondawo ankachulira vinyo wapansi, wopangidwira anthu akuda. Boma la atsamunda linkaletsa ndi kulanga anthu ophika mowa wawo, makamaka kummwera kwa dziko, kuti vinyo wa ku Portugal apeze msika m'makantina, kumene anthu obwera ku migodi ya ku South Africa ankasiya ndalama zawo.

Maganizo amene anali pansi pa malonda amenewo ndi akuti lilime la munthu wakuda silisiyanitsa, bola mowa ukhale waukali. Atsamunda anapita mu 1975, koma maganizowo sanapite onse. Amabwerera pamene munthu wamkulu, wodziwa kusiyanitsa ufa wa cimanga ca makolo ndi wa haibulidi pongolawa nsima, akugwedeza mutu kuvomera fungo limene sakulimva, poopa kuoneka wosatsogola. Amabwereranso pamene wina akuti zonsezi n'zacizungu, ife timangomwa. Onse awiri avomereza kuti kulawa mwaluso si kwathu. Ndikukana zimenezo, ndipo mboni zanga ndi amayi ophika mowa wamasese. Mayi wotere amalawa kamodzi n'kunena kuti mowa sunapse, kapena wapsa, kapena wayamba kusasa, kapena cimera cinacepa, kapena nkhuni zinalowetsa utsi. Sagawa kuti ici n'ca mphuno, ici n'ca lilime. Amamva zonse pamodzi, ndipo ogula amabwerera kwa iye cifukwa salakwitsa.

Shuga amabisanso

Pali cifukwa cina cimene nkhaniyi siyenera kukhala ya anthu a mataye okha. Vinyo amene amagulidwa kwambiri kuno ndi wochipa, wa m'makatoni ndi m'mabotolo akuluakulu a malita 5 amene timawadziwa kuti garrafão, ndipo wambiri mwa amene acinyamata ndi amayi amakonda ndi wotsekemera. Mphamvu imene shuga ali nayo yokweza fungo la zipatso ndi yomweyo imene ali nayo yophimba zina. Amaphimba kuwawasa, amaphimba kuwawa, amafewetsa ukali wa mowa pammero. Vinyo wotsegulidwa n'kusiyidwa masiku ambiri amayamba kusanduka viniga, cifukwa tizilombo tina timasandutsa mowa kukhala asidi pakakhala mpweya. Vinyo wokhala padzuwa m'baraka la malata amataya fungo lake labwino. Mu vinyo wa seco zolakwika zimenezi zimamveka msanga. Mu wotsekemera zimabisala nthawi yaitali.

Cacikulu kuposa zonse ndi mowa weniweniwo. Botolo la mamililita 750 lolembedwa 12% lili ndi mamililita 90 a mowa weniweni. Botolo la mowa wa m'fakitale la mamililita 340 lolembedwa 5% lili ndi mamililita 17. Ndiye kuti botolo limodzi la vinyo likuposa pang'ono mabotolo 5 a mowa umenewo. Kacasu amacenjeza yekha, amaocha pammero, munthu n'kudziwa kuti wagwira moto. Vinyo wotsekemera sacenjeza. Lilime limati ndi juwisi, mphuno n'kuvomereza kuti ndi zipatso, ndipo mtsikana amene sanalawepo mowa amamaliza matambula atatu asanadziwe kuti miyendo yamusiya. Mnyamata wa njinga yamoto amene wamwa zotere paukwati amanyamula anthu kubwerera nawo usiku ali ndi cikhulupiriro cakuti sanamwe mowa. Kapepala kamene kamalemba mizere isanu ya zipatso, n'kuika nambala ya mphamvu ya mowa m'tizilembo tating'ono pakona, kasankha cimene kakufuna kuti tione.

Mawu athu ndi zimene tingacite nawo

Kabuku kano kali m'zinenero ziwiri, ndipo ndikupempha owerenga ayerekeze masamba awiriwa. Cipwitikizi cili ndi gosto, sabor, cheiro ndi aroma, ndipo cili ndi mneni wa ciliconse: ouvir wa khutu, cheirar wa mphuno, provar wa lilime. Ife tili ndi kununkhiza ndi kulawa, zimene ndi zocita za munthu, koma zikafika m'kati timagwiritsa nchito mneni mmodzi. Timamva mawu, timamva fungo, timamva kukoma, timamva kuzizira, timamvanso nkhani ikafotokozedwa bwino. Pomasulira pa wailesi anzanga ena amadandaula kuti apa Cinyanja n'cosauka. Ine ndimati pa nkhani ya kukoma, mneni mmodziyu ali pafupi ndi zimene akatswiri a ku Nottingham ndi ku Philadelphia anapeza kuposa magudumu awiri aja. Kumva kumacitikira malo amodzi, ngakhale makomo olowera ali ambiri.

Koma nafenso tili ndi mlandu wathu. Tili ndi mawu okwanira, koma pa zakumwa zacilendo timathera pa awiri: wakoma, sanakome. Ulesi umenewu ndi umene umasiyira kapepala bwalo lonse. Phunziro labwino la Noble, limene ndikufuna titenge, ndi lakuti fungo lipatsidwe dzina la cinthu cimene anthu akucidziwa. Titenge njira yakeyo, mayina tiike athu. Amene amamwa, akalandira tambula, ayambe wanunkhiza asanamwe, asunge m'mutu cimene wamva. Kenaka amwe pang'ono, afunse lilime lokha: kodi muli shuga, kodi mukuwawasa, kodi m'kamwa mwauma? Akameza apume ndi mphuno, aone ngati fungo lasintha. Nthawi zambiri adzapeza kuti lasintha, ndipo kusinthako ndi dzanja la lilime. Akamva masau anene masau. Akamva utsi wa nkhuni zonyowa anene conco. Akamva viniga abweze botolo kwa wogulitsa, ngakhale kapepala katalemba maluwa a m'munda wa mfumu.

Kwa amene samwa, kaya cifukwa ca chalichi, ca thanzi kapena ca kusafuna, phunziroli silikuwadutsa. Thobwa lothira shuga limanunkhira cimera kuposa lopanda shuga. Phala la mwana wodwala, tiyi wa agogo, juwisi wa m'mapaketi amene ana amalirira pamsika, zonsezi zimayendera lamulo lomweli, ndipo opanga zakumwa m'mafakitale amalidziwa bwino kuposa ife.

Ciweruzo canga pa mawu a kuseri kwa botolo ndi ici. Ndi umboni wa munthu mmodzi, wa lilime lokulira dziko lina, amene analawa vinyoyo m'cipinda cozizira bwino, m'kamwa mulibe keke. Umboni wotere ndi woyenera kuumvera, cifukwa nthawi zambiri mwini wake ndi wodziwa nchito yake ndipo zina zimene akuchula zilimodi. Koma mboni si woweruza. Pa zonse zolembedwa pabotolo, zimene zili zofanana kwa munthu wa ku Lisboa ndi wa ku Calómuè ndi ziwiri: nambala ya mphamvu ya mowa, ndi liwu lija lonena za shuga, seco kapena doce. Muziyamba kuwerenga zimenezo. Zotsalazo muzikambirana ndi lilime lanu.